Zamoyo za m'chipanda cha amake Beni

Benilde anafika ku Chipera fumbi lili m'makutu, atakhala pa matumba a simenti kumbuyo kwa kamiyawu, lole yonyamula katundu, kuyambira ku Fingoe. Anabwerera mwambo wotsiriza wa maliro a amayi ake, a Serafina, amene anamwalira mvula isanagwe. Tsopano chimanga chinali m'nkhokwe, ndipo akuluakulu a mbumba anali atagwirizana kuti zonse zithe chisanu chisanapite: kumeta, kutula ziwiya za malemu kumanda, ndi kusudzula bambo ake, a Salvador, kuti abwerere kwawo ku Malowera. A Salvador anali mkamwini. Analima munda wa mkazi wawo, anamanga nyumba pa dothi la mkazi wawo, ndipo poti mkaziyo kunalibenso, dothilo linali litathana nawo.

Anawapeza atakhala pakhonde, malaya akulendewera m'mapewa. Moni asanathe, anatulukira a Zeferina, akulu awo a malemu, akupukuta manja pa kapulana.

"A Dotora afika! Yalani mkeka, angatenge tizilombo pa dothi pathupa."

"Tizilombo ndabwera nato ndekha, Mayi aakulu."

"Utisiye kunja kwa mpanda. Taona bambo akowa. Ndimatumiza ndiwo, mbale imabwerera monga inapitira. Akuti mchere wachuluka. Zaka zonsezi akhala akudya mchere wanga pa Natale, pa Khirisimasi paja, osadandaula."

"Mchere wanu ulibe mlandu, alamu," anatero a Salvador. "Wothirayo ndiye sawerenga."

"Wothira yemweyo ndi amene adzagwire lumo pokumetani. Musamale pakamwa."

Chimene a Salvador ankadya, Benilde anachiona m'mawa mwake. Anakama ng'ombe, analowa m'nyumba, anatsitsa chipanda pa msomali, anatsanulira chambiko m'mbale, anathiramo mkaka watsopano, n'kubwezera chivindikiro cha mtengo. Kenako anadya chambikocho ndi mbatata yootcha, pang'onopang'ono, ngati munthu amene sakufuna kuona pansi pa mbale.

Chipandacho Benilde anabadwa n'kuchipeza. Chinali chakuda ngati mpini wakale, chosokedwa ndi ulusi wa thumba pamene chinang'aluka. Amayi ake anabwera nacho kuchokera ku Zambia, kumene banjalo linathawira nkhondo. Chambiko cha m'menemo chinali ndi kakomedwe kakekake, cholimba, chowawasa pang'ono, chosiya kafungo ka mtedza wokazinga m'kamwa. Anthu ankabwera kudzapempha mbewu yake, kapu imodzi yoti akathire mu mkaka wawo, ndipo a Serafina sankamana. Koma m'zigubu za pulasitiki za anthuwo chinkakoma kawiri katatu, kenako n'kusanduka madzi owawa. Ndiye pamudzi ankati mayiyo ali ndi kamankhwala kamene sakuulula.

"Ichinso chipita kumanda?" anafunsa Benilde.

"Chili patsogolo pa zonse. Mbale yake, kapu yake, mthiko wake, ndi ichi. Aziboola, aziika pa mtumbira."

"Ndiye muzikadya chiyani ku Malowera?"

"Mng'ono wanga Matias ali ndi ng'ombe."

"Sindinafunse za ng'ombe, Ababa."

A Salvador anapukuta mbale ndi chala.

Benilde anayesa kaye njira yachidule. Anapita kwa a Zeferina, anawapeza akupeta chimera cha thobwa la pamwambo, anakhala pansi, anawathandiza kutola timiyala, kenako anapempha kuti chipanda chokhacho achisiye.

"Chimene dzanja lake linkalowamo m'mawa uliwonse?" anatero a Zeferina osakweza mutu. "Mbale tingaiwale, mbale ndi yogula ku loja. Icho ayi."

"Amayi anali a mpingo."

"Nanga ine ndine wa chiyani? A padiri anena zawo pa misa, ife tichita zathu akachoka. Chiyambire sitinayambanepo."

"Ababa sakudya china chilichonse."

"Ndikuona, mwanawe, maso ndili nawo. N'chifukwa chake chiyenera kupita. Munthu sangamangodya kwa wakufa mpaka kalekale."

Ku Maputo Benilde ankagwira ntchito imene pamudzi panalibe anaimvetsa, ndipo iye anali atasiya kufotokoza. Mu laboratoriyo ya ku univesidade ankamata mabakiteriya amoyo pa timagalasi. Timagalasito tinkalembedwa timizere tochepa kuposa tsitsi, ndipo ntchito yake inali yoti tizilomboto tikhale m'timizeremo, pamalo amene iye wasankha, osafa ndiponso osakokoloka madzi akadutsa. Akuluakulu ake ankafuna kupanga kachipangizo koyezera madzi a pachitsime. Benilde, masiku ambiri, ankangofuna kuti tizilomboto tifike Lachisanu tili moyo. Kupha bakiteriya n'kumumata n'kosavuta. Kumumata ali moyo ndiye vuto: zomatira zikakhala zamphamvu amafa, zikakhala zofooka amapita ndi madzi. Chimene anaphunzira, atataya magalasi ambiri, n'chakuti samukakamiza. Umamukumbira kangalande kokwana thupi lake, umapakamo kachakudya kopyapyala, umamusiya osamugwedeza, ndipo iye yekha amatulutsa ulimbo wake n'kumanga mudzi.

Masana, bambo ake atapita kukamwetsa ng'ombe, anasamba m'manja, anatsitsa chipanda, analowetsamo dzanja. M'kati munali moterera. Pansi pa kutererako zala zake zinamva mizere yambirimbiri, ina yotsika, ina yopingasa, yozama ngati pokanda chikhadabo. Anaima choncho kanthawi, dzanja lili m'chipanda, kenako anaseka yekha. Pulasitiki ndi yosalala. Kamankhwala kaja kanali kameneka.

"Anachikanda m'kati ndani?" anafunsa bambo ake atabwera.

"Amako. Ku kampu ya othawa nkhondo kunalibe chopalira, ndiye anapala zowawa za m'kati ndi waya wa gudumu la njinga. Anakwiya tsiku lonse kuti achiwononga."

"Muli ndi chipanda china chouma?"

"Zili padenga."

"Zanuzanu? Osati za amayi?"

"Mbewu ndinatenga kwathu, ndinabzala ndekha. Ndi zanga."

Anagwira ntchitoyo kuseri kwa nyumba. Sankabisa kwenikweni, koma sanaitanenso munthu. A Salvador anadula pakamwa pa chipanda chatsopano ndi mpeni, anazula waya pa gudumu lakutha la njinga, ananola nsonga yake pa mwala. Benilde anakanda m'kati, mizere yotsika kenako yopingasa, akuyerekeza ndi chala kuzama kwake ndi kwa chakale chija. Ku laboratoriyo mizere inkalembedwa ndi kuwala, m'chipinda chimene munthu salowa osaphimba tsitsi. Pano nkhuku inabwera kudzajompha zopalidwazo pakati pa mapazi ake.

Anachiviika, akusintha madzi mpaka kuwawa kwa chipanda kunatha. Anachitsuka ndi madzi owira, chifukwa sankafuna kuti alendo ena akhale m'mizeremo eni ake asanafike. Anawiritsa mkaka, anausiya kuti uzizire, anauzunguza m'kati kuti mafuta ake apake khoma lonse. Pomaliza analowetsa chala m'chipanda chakale, anatsata mzere umodzi kuchokera pansi kufika pamwamba, anatenga zoterera zija n'kuzipaka m'chatsopano. Anachita zimenezo mzere ndi mzere mpaka mkono unachita dzanzi. Kenako anathiramo mkaka wofunda ndi chambiko pang'ono.

"Tsopano musachigwedeze, Ababa. M'mawa muzitsanula pang'onopang'ono. Mkaka watsopano uzitsika ndi khoma, usamagwere pakati."

"Amako ankachikhutchumula ngati ayambana nacho."

"M'cha amayi mudzi unakhazikika kalekale. Awa ndi obwera kumene, sanamange."

"Akamwini anzanga," anatero a Salvador, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikire Benilde anawamva akuseka.

Anawaonetsa pa telefone chithunzi cha ntchito yake: timadontho tobiriwira titandandalika m'mizere pa mdima. A Salvador anaitalikitsa telefoneyo ndi maso, anayang'ana nthawi yaitali.

"Abzala mothithikana. Sapatulira?"

"Amapatulirana okha."

"Ndiye sukulu yonse ija inali ya ubusa."

"Ya ubusa, Ababa."

"Ukanangonena. Ng'ombe zinalipo."

Chambiko choyamba chinatuluka chamadzi, chowawa. A Salvador analawa, anameza mwaulemu, anati chili bwino. Benilde anakhuthulira galu, amene ananunkhiza n'kukagona kwina. Chachiwiri chinalibe kukoma kulikonse. Chisanu cha mwezi umenewo chinkalowa m'nyumba ngati mwini wake, ndipo tizilombo tikazizidwa timachita ulesi. Benilde anakwirira chipanda m'thumba la gaga pafupi ndi mafuwa, anachifunditsa manta, bulangete la bambo ake, ndipo m'mawa uliwonse ankapakanso mizere ndi chala.

A Zeferina anachiona tsiku lina atabwera kudzabwereka lichero.

"Chipanda chafunda manta, mwini manta akunjenjemera pakhonde. Ku Maputo mumatero?"

"Ndi chatsopano, Mayi aakulu. Choti akayambire kwawo."

"Chatsopano ndilibe nacho mawu. Koma ukachipeza chili ndi malungo usandidzutse."

Alendo anayamba kufika. Ena anachokera ku Fingoe pa mota, njinga zamoto zija, ena ku Zambia pa njinga zakapalasa, atamangirira nkhuku kumbuyo. Thobwa linaphikidwa, nkhuni zinaunjikidwa kuseri kwa nkhokwe. Benilde ankaona muluwo ukukula, n'kumakagwira thumba la gaga kuti amve ngati muli kutentha.

Mwambo utayandikira ndithu, m'mawa wina chambiko chinatsika m'mbale chili cholimba, chikusweka zidutswa zosalala. A Salvador analawa. Analawanso. Kenako anaika supuni pansi n'kuyang'ana pakhomo, ngati amva munthu akuodira.

"Ndi chomwecho?" anafunsa Benilde.

"Ndi chomwecho." Anatenganso supuni. "Wachita bwanji? Anthu onse aja analephera."

"Anthu aja ankatenga mkaka wokha. Eni ake a chambiko sakhala mu mkaka, amakhala m'mizere. Ndawasamutsa."

"Anachokera kuti poyamba?"

Yankho la ku laboratoriyo linali lalitali: pa bere la ng'ombe, pa udzu, m'fumbi, m'chipanda momwemo, m'manja mwa wokama ndi wotsuka. Benilde anayang'ana khosi la bambo ake, mmene linaondera, ndipo pa yankho lonselo anasankhapo mbali imene anaona kuti ingawadyetse.

"Ena anachokera m'manja mwa amayi. Tsiku lija ankapala ku kampu, ndi m'mawa uliwonse kuyambira pamenepo. Amaberekana osaleka. Amene mwadyawa ndi zidzukulu za omwe aja."

"Ali moyo?"

"Ali moyo."

"Mpaka pano."

"Bola muziwapatsa mkaka."

A Salvador anamaliza mbale yonse. Masana anadyanso ndiwo za a Zeferina, mpaka mwini ndiwo anabwera kudzafunsa ngati mbale yake anaipatsa galu. Benilde anakhala pakhonde akumvetsera awiriwo akutukwanizana mwachilamu, ndipo anaganiza kuti chiyambire sukulu sanachitepo chinthu chothandiza ngati chimenechi.

Tsiku la mwambo, a padiri anachita misa pansi pa mtengo, anadalitsa onse, anakwera mota yawo. Fumbi lawo litatsika, azimayi anatulutsa lumo. Anameta a Salvador, anameta abale, ndipo Benilde anamudulako tsitsi pang'ono pamphumi, poti a Zeferina anati ku univesidade angamuthamangitse akafika ndi mpala. Kenako anapita kumanda. Atsibweni ake a Benilde, a Nicolau, amene anali mwini mbumba, anaboola mbale ndi msomali, anaboola kapu, anathyola mthiko. Chipanda chakale sichinafune msomali. Anangochidina ndi chala chachikulu pa msoko uja, chinatseguka. Anachivundikira pa mtumbira. A Salvador anaima mowongoka, manja kumbuyo, ndipo Benilde yekha ndi amene ankadziwa chifukwa chimene sanagwedezeke.

Atabwerera, anayala mikeka pabwalo la nyumba. Katundu wa a Salvador anamuika pakati kuti aliyense aone: sutikesi, khasu, nkhwangwa, wailesi, manta, ndi chipanda chatsopano, choyera ngati dzira. A Nicolau anatsokomola.

"Alamu athu, munabwera pamudzi pano ndi khasu limodzi. Mwatisungira mlongo wathu pa mtendere ndi pa nkhondo, mwabwera naye kuchokera kuchilendo, mwamuika m'manja mwathu. Ife mlandu nanu tilibe. Lero tikukumasulani. Mukafuna kudzaona mwana wanu, njira mukuidziwa. Mukafuna kukwatira, kakwatireni."

"Ndi mano ati?" anatero a Zeferina, ndipo anthu anaseka.

"Koma mwambo ndi mwambo," anapitiriza a Nicolau, "ndiye ndifunse. Pa katundu uyu, pali kanthu ka mlongo wathu?"

Funso limeneli limafunsidwa pa kusudzula kulikonse, ndipo yankho lake aliyense amalidziwa. Azimayi ena anali atayamba kale kudzuka kuti akatunge thobwa.

"Chipandacho ndi changa," anatero a Salvador. "Koma za m'katimo ndi za amake Beni."

"Mkaka wa ng'ombe yanu yomwe?" anafunsa a Nicolau. Anthu anasekanso.

"Osati mkaka. Muli tizilombo tamoyo. Tinachokera m'manja mwake, kuyambira ku Zambia. Beni watisamutsa kuchoka m'chakale chija. Ndati ndinene, poti mwafunsa."

Kuseka kunatha pang'onopang'ono, kuyambira kwa akuluakulu. Amene anadzuka aja anakhalanso pansi.

"Ndiye chimene taboola kumandaku ndi chigoba chabe?" anatero a Zeferina. Mawu awo analibenso chilamu. "Tamupatsa mng'ono wanga chigoba?"

A Nicolau anakweza dzanja. "Tisakangane pa tsiku ngati lino. Alamu, inu mukudziwa. Munthu wosudzulidwa sadya za m'dzanja la malemu. Akatero ndiye kuti sitinamusudzule. Malemu amutsatira kwawo, asiya manda ake kuno, ndipo mkazi aliyense wodzalowa m'nyumba yanu adzapeza mnzake alimo kale. Ngati zili monga mwaneneramo, nkhani ndi yaifupi. Madzi owira ali pamoto apo. Tithiramo, chipanda mutenge." Anatembenuka. "Iwe Benilde. Ndiwe wa sukulu, komanso ndiwe mwana wathu. Tiuze. Muli za amako m'menemo?"

Mbumba yonse inamuyang'ana. Kuseri kwa anthu, m'mphika waukulu, madzi otsukira ziwiya ankatulutsa nthunzi. Benilde ankadziwa bwino chimene madzi amenewo amachita m'mizere, poti ndi mmene iye ankayambira ntchito iliyonse. Anaganiza za Malowera, za nyumba ya a Matias, za bambo ake atakhala pakhonde la eni, mbale ikubwerera monga inapitira.

"Ndi tizilombo wamba, atsibweni," anatero. "Timapezeka mu mkaka uliwonse, pa bere la ng'ombe iliyonse. Kamodzi sikakhala moyo nthawi yaitali. Timene tinakhudza manja a amayi tinafa kalekale."

Chiganizo chilichonse pachokha chinali choona, ndipo anazindikira kuti anazisanja mosavuta. A Nicolau ankamuyang'anabe, ngati akudikira kena. Ndiye anawonjezera.

"Ababa sanandimvetse bwino."

Anthu anapuma. Wina anati sukulu ya ana imazunguza mitu ya akuluakulu. A Zeferina anaomba m'manja kamodzi.

"Alamu, mwakalamba zoona. Mwayamba kuona mkazi mu mkaka? Tengani chipanda chanu, mukamwe, munenepe. Mukadzabwera kudzationa musadzatichititse manyazi ndi mafupa."

A Salvador anaseka nawo pang'ono. Sanayang'ane kwa mwana wawo. Thobwa linabwera, a Nicolau anawagwira dzanja, mwambo unatha.

M'mawa mwake kunabwera Amadeu, mwana wa mlongo wawo wa a Salvador, ndi mota yoti iwatenge. Anamangirira sutikesi, khasu ndi nkhwangwa ndi mphira, n'kutsogola kukadikira kumsewu, poti kanjira ka pamudzi kanali ka mchenga. Benilde anaperekeza bambo ake wapansi. Iwo ananyamula chipanda ndi manja awiri, mowongoka, monga anawaphunzitsira. Anadutsa khola, anadutsa munda umene unali utangokololedwa. Nyumba zitabisika, Benilde analankhula.

"Ababa, dzulo ndinangonena kuti akusiyireni. Zoona ndi zimene ndinakuuzani poyamba."

A Salvador anapitiriza kuyenda.

"Ndiye dzulo unanamiza atsibweni ako."

"Kuti muzikadya."

"Pamaso pa mbumba yonse. Ine ndili chete."

"Inu munanena zanu. Wonama ndine."

"Ndinanena, kenako ndinaseka nawo." Anaima, anasintha kagwiridwe ka chipanda. "Ndaganiza, Beni. Ngati zoona ndi za dzulo, uwu ndi mkaka chabe, ndipo mkaka kwa Matias ulipo. Ngati zoona ndi zoyamba zija, ndiye kuti ndikuchoka ndi mkazi wa eni atandisudzula kale. Zaka zonse ndakhala pamudzi uwu, palibe anandiitanirapo mlandu, ngakhale wa nkhuku."

"Palibe adzadziwe."

"Amako adziwa."

"Sindinati amayi ali m'menemo. Ndinati tizilombo tina..."

"Ndinamva zimene unati. Ndinamvetsa bwino."

Kutsogolo Amadeu analiza hutala kawiri.

Atafika pamsewu, a Salvador anamupatsa chipanda. Sanachikankhe, anangodikira mpaka iye anatambasula manja. Chinali chofundabe ndi mkaka wa m'mawa umenewo, ndiye kuti anali atachidyetsa asananyamuke.

"Iwe ndiwe wa mbumba. Za amako zikakhala kwa iwe palibe cholakwika."

"Ababa, mukadya chiyani?"

"Mkazi wa Matias amaphika." Anakwera kumbuyo kwa Amadeu, anakonza chipewa pa mpala wawo watsopano. "Ukafika ku Maputo uyimbe. Kumeneko rede ya telefone imagwira pa chulu, ndiye uziyimba masana, ndisakalumidwe ndi njoka chifukwa cha iwe."

Mota inanyamuka. Benilde anaiyang'ana mpaka mpini wa khasu unaleka kuoneka m'fumbi.

Pobwerera anayenda pang'onopang'ono kuti asachigwedeze, ngakhale sankadziwanso kuti akuchisungira ndani. Kamiyawu yopita ku Fingoe inkadutsa mawa lake. Kuchoka apo panali shapa, kaminibasi kopita ku Tete, kenako basi yaitali ya ku Maputo, kenako kachipinda kake ka lendi ndi mkaka wa m'mapaketi. Mwina chikanafika. Akanatha kupala pang'ono n'kukasunga mu firiji ya ku laboratoriyo, m'kabotolo kolembedwa nambala, kumene sikakanafa ndipo palibe akanakadya.

Pabwalo anapeza azimayi akutsuka ziwiya za pamwambo. A Zeferina anakweza mutu.

"Aiwala chipanda?"

"Achisiya."

"Ndinadziwa ine. Mwamuna ndi chipanda pa mota! Bweretsa kuno, chatithandiza. Alendo a ku Zambia akufuna thobwa la panjira, zigubu zonse zapita ndi a ku Fingoe."

"Muli mkaka, Mayi aakulu."

"Ukhuthulire ana. Si mkaka wamba? Unanena wekha dzulo."

Azimayi ena anali akumvetsera, manja ali m'madzi. A Nicolau anali atakhala pakhonde la nyumba imene tsopano inalibe mwini, akumwa tiyi. Kunena kuti si wamba kukanatanthauza kuyalanso mikeka, kuitanitsa bambo ake amene anali atafika kale patali, ndi kuwafunsa pamaso pa onse chifukwa chimene anakhalira chete dzulo. Benilde anachotsa chivindikiro. Ana anabwera ndi makapu, anamwa, anapempha china, chinatha.

"Poti waima chabe, tsuka ndiwe," anatero a Zeferina. "Madzi otentha awo, mchenga uwo." Anasuzumira m'chipandamo, anagwedeza mutu. "Ndani wachikanda chonchi chinthu chatsopano? Upale ndithu m'mizeremo. Mkaka umabisala."

"Ndikudziwa, Mayi aakulu," anatero Benilde, nagwada pafupi ndi mphika.